Buledi wa Chala

Lolemba, 6 Meyi

Buledi watsala theka. Uvuni sitinayatsenso kachiwiri. Sabata yatha zinali chimodzimodzi, ine n'kumati ndi kumapeto kwa mwezi, anthu m'matumba mwauma. Koma pano alandira kumene. Ndiye si zimenezo.

Chifukwa chake ndachipeza m'bini ya kuseri kwa golosale, m'mawa pokasiya buledi panjinga. Pamwamba pa zinyalala, tizidutswa ta buledi wathu. Todula bwinobwino ndi mpeni. Tonse ta pamwamba, pamene pamakhala chala.

Chala chimenechi n'chakale kuposa mwana wathu. Mkazi wanga akakanda ufa n'kuuika m'zitini kuti ufufume, amadinda buledi aliyense ndi chala chachikulu cha kumanja asanalowetse mu uvuni. Poyamba inali njira yoyesera chabe: kadzenje kakabwerera msanga, ufa sunafike, kakatsala, lowetsani. Kenako anayamba kudinda mwamphamvu kuti kasafafanizike, n'kusanduka chizindikiro. Bekale yathu ilibe chikwangwani. Anthu amangoti buledi wa chala. M'makomo ana ankalimbirana chidutswa cha kadzenje, poti majarini amakhazikika bwino m'menemo.

Lero akudula n'kutaya.

Abwana sindinawauze. Kunyumba ndi mkazi wanga, koma pabekale pano ndi abwana ndithu. Ine chipumireni pa ntchito yophunzitsa sayansi ndine wonyamula ndi wosesa. Wantchito sauza abwana ake nkhani asanaitsimikize.

Lachitatu, 8 Meyi

Ndatsimikiza. Andiuza a Ometa, oyandikana nafe khomo, akundimeta katsitsi komwe katsalaka. Akuti msewu wonse ukunena kuti Abwana ali ndi khate. Poyambira pake: mayi ogulitsa zovala pakona paja, amene aliyense amawatcha a Wailesi chifukwa satseka ngakhale magetsi azime.

Zoona zake ndi izi, ndizilembe kuti maganizo asabalalike. Mawanga oyera anayamba chaka chatha, pa mfundo za zala, ngati mkaka wadonthera. Pano afika pomangira wotchi. Chala chodindiracho chayera chonse. Kwa dokotala wa khungu tinapita miyezi yapitayo. Anawauza kuti atsinzine, n'kumawakhudza ndi thonje apa ndi apo, paliponse anamva. Wakhate pamawanga samva. Dzina la matendawa akuti ndi vitiligo. Timaselo topanga mtundu wa khungu tangosiya ntchito, basi. Sapweteka. Sapatsirana, kaya pa chanza, kaya pa mbale, kaya pa buledi. Ndawerenga zonse zomwe ndinatha kupeza, zikugwirizana.

Ndiponso ngakhale pakanakhala kachirombo, buledi amalowa m'moto wopitirira madigiri mazana awiri. Ndi kachirombo kanji kotuluka m'menemo kakuyenda?

Pali ndi nkhani yachiwiri, akutero a Ometa: kuti manjawo ayera chifukwa cha mankhwala okokera makasitomala. Anthu omwewo akukhulupirira zonse ziwiri, m'mawa khate, madzulo mankhwala. Sakuona kuti zikutsutsana.

Komabe nkhani yosavuta. Anthu sakudziwa, akauzidwa adziwa. Ntchito imeneyi ndinaigwira moyo wanga wonse.

Loweruka, 11 Meyi

Ndaphunzitsa. Kalasi: benchi ya kwa a Ometa, yodzaza monga mwa Loweruka. Ndinafotokoza za timaselo, za thonje, za madigiri. Onse akugwedeza mutu. Awiri mwa iwo ndinawaphunzitsapo kusekondale, mmodzi ankakhoza bwino ndithu. Yemweyo ndiye anati, "Zonsezo n'zoona, Aphunzitsi, koma mtima." Atametedwa anadutsa pakhomo pathu maso ali kumwamba ngati akuyang'ana mvula.

Koma mtima. Mawu awiriwa ndawatafuna tsiku lonse. Mayeso anthu amakhoza; zimene akhozazo amazisiya papepala pomwepo.

A Ometa okha. M'mawa uliwonse akugula buledi, n'kukhala pakhonde poonekera, n'kuyambira kudya pachala penipeni, kutafuna mokweza. Dzulo anakuwira a Wailesi kutsidya kwa msewu: "Ndikayera mudzandiuze, mayi! Inu mumagula mafuta oyeretsa m'botolo, ine ndikufuna za ulere!" Msewu unaseka. Wogula sanawonjezeke.

Anena zoona komabe. Kuyera kogula kusitolo ndi kukongola. Kuyera kobwera kokha ndi matenda. Anthufe.

Lendi ya bekale ikubwera. Ufa wakwera mtengo. Abwana akukanda ngati palibe kanthu, akuimba nyimbo zawo zopotoka zija. Kuimba sanakhozepo chibadwire, ndipo sanasiyepo.

Lachiwiri, 14 Meyi

Ndawagulira magolovesi. Bokosi lathunthu, opyapyala, abuluu, ngati a kuchipatala. Maganizo anga: diso likapanda kuona mawanga, mtima ukhala pansi. Ndiponso m'mabekale akuluakulu amavala, ndi ukhondo.

Anayang'ana bokosi, anayang'ana ine. Ndinayamba kufotokoza za m'bini muja. Anandidula. "Aphunzitsi, ine ndinadziwa kale. Tsiku lomwe anthu anayamba kusiya ndalama pa kauntala m'malo mondipatsa m'manja."

Ndiye tonse awiri timabisirana nkhani imodzi.

Avala.

Lachisanu, 17 Meyi

Magolovesi alephera, pawiri.

Poyamba, buledi. Masiku onsewa akutuluka wolemera, wothina mkati, ngati njerwa yosapsa. Madzi Abwana sayeza ndi kapu. Amamva m'manja ngati ufa ukufuna ena, ndipo thumba lililonse la ufa limamwa mosiyana. Ndi magolovesi akuti ali ngati munthu wotafuna chakudya chili m'pepala. Ngakhale a Ometa adandaula: "Wodwala ndi buledi uyu, osati mayi."

Pachiwiri, a Wailesi. Anasuzumira Lachitatu, pofika masana msewu wonse wamva: "Mwaona? Abisa. Munthu wabwinobwino amabisiranji manja?" Pamenepo sanalakwe. Ndikanakhala ine ndikuonera patali, ndikanaganiza zomwezo.

Lero m'mawa Abwana anavula, n'kundiikira bokosi m'manja. "Awa ndi anu. Muzivala potsuka chimbudzi."

Ndakhala ndikuganiza za chifundo. Magolovesi ndinagula ndi mtima wabwino, palibe chokayikitsa. Koma amati chiyani magolovesiwo? Amati manja awa ndi oyenera kubisa. Zomwe a Wailesi akunena pakona, ine ndinazinena ndi bokosi labuluu. Chifundo chovomereza bodza, n'kungolichepetsa ululu, ndi mlongo wake wa chipongwe. Cha a Ometa n'china. Sanatitonthozepo ngakhale tsiku limodzi. Amangodya.

Buledi wa lero wabwerera mwakale. Wofewa, wonunkhira. Ogula: a Ometa, dalaivala wa basi wachilendo yemwe nkhani sanaimve, ndi ife.

Lolemba, 20 Meyi

Mwana wathu anaimba foni dzulo. Akuti amayi agulitse uvuni, apumule, iye azititumizira kangachepe. Amayi ake anayankha kuti, "Ndinakulera ndi uvuni umenewu, sukuugulitsa iwe." Mwana analira. Amayi ake ayi.

Lero mayi a golosale abwera okha, kudzera khomo la kuseri. Ndiwo akhala akutenga buledi wochuluka zaka zonsezi. Sabata yatha anasiya. Anakhala pa thumba la ufa, chikwama pamiyendo, maso pa uvuni, pa denga, paliponse kupatula pa manja a Abwana. Mawu awo: "Achemwali, ine ndilibe vuto. Ine ndikudziwa. Koma makasitomala."

Pempho lawo: buledi yemweyo, koma wopanda chala. M'timatumba topanda chilembo. Ine ndizikasiya kuseri kusanache, msewu usanadzuke. Iwo aziuza anthu kuti ndi wa kufakitale ya kutali, wobwera pagalimoto. Khomo lathu la kutsogolo titseke, anthu aziti bekale inatha.

Atapita, Abwana anandifunsa maganizo. Ndinapereka monga ndikuonera. Ufa womwewo, manja omwewo, uvuni womwewo. Kadzenje sikawonjezera kukoma. Lendi sidziwa chala. Tivomere.

Anapala ufa wouma patebulo ndi mpeni. Kenako: "Chabwino. Njala ilibe ulemu."

Ndikuganizabe kuti ndalangiza bwino.

Lachinayi, 23 Meyi

Tayamba. Zitini pamzere, ufa wafufuma, ndinaona chala chikudzuka chokha. Anachigwira ndi dzanja linalo, ngati mwana wofuna kutola zapansi. Pano akupatula kamtanda kamodzi pambali, koyeserapo. Kameneko kokha ndiko kakudindidwa. Kakapsa, n'ka a Ometa. Wosalala akana: "Buledi wopanda mchombo anabadwa kwa ndani?"

Ine panjinga m'mbandakucha, bokosi kumbuyo, kudzera kanjira ka kuseri kwa nyumba za anthu ngati wakuba. Wakuba wobweretsa katundu.

M'kanjira kameneko sindili ndekha. Osesa, otaya mabini, mayi wotsuka mbale za malo odyera aja. Onse amamaliza msewu usanatsegule maso. Mmodzi anandizindikira, anayang'ana bokosi, n'kuti, "Ine sindinaone kanthu, bambo." Zaka zonsezi ndimakhala mumsewu wodyera m'manja omwe sufuna kuwaona, ndipo sindimadziwa kuchuluka kwake. Pano tawonjezerapo awiri.

Lachitatu, 29 Meyi

Malonda akuyenda. Mayi a golosale awonjezera oda. Uvuni tikuyatsanso kachiwiri. Lendi talipira, ufa tagula. Pa manambala, ndinalondola.

Nkhani ya khate yazilala. Munthu akasowa pamaso, mlandu wake umatha. Anthu ayambanso kundipatsa moni, koma wachisoni, ngati wofedwa.

Chinthu chimodzi sichikulowa m'manambala. Kuimba kwatha. Tsiku lomwe kunathera sindinalizindikire; ndangoona kuti ndikumva wotchi yapakhoma, imene sindinaimvepo m'bekale muno. Akukanda bwinobwino, akudya, akugona, sakudandaula. Akamaliza akusamba n'kukhala pampando, manja m'thumba la epuloni.

Mabuku omwe ndawerenga za chimwemwe sagwirizana. Ena amati ndi kusowa kwa ululu. Ngati ndi choncho, tili bwino. Ena amati ndi kugwira ntchito imene umaidziwa, ikugwiridwa. Palibe lomwe linandiuza kuti munthu angakhale ndi ntchito yake ndi chakudya chake, n'kusowabe mtendere chifukwa ntchitoyo sikumutchula. Mwina analemba, ine ndinadumpha tsambalo.

Lamlungu, 2 Juni

Pochokera kumapemphero takumana ndi a Wailesi. Manja kumbuyo, kuopa chanza. Nkhope ya pamaliro. "Pepanitu mayi, tikukukumbukirani. Munachita bwino kupumula. Mwalawako watsopano uja wa kugolosale? Wa makina, dzanja la munthu silifikako."

Abwana anafunsa ngati ndi wokoma.

"Musakwiye, koma kuposa wanu uja. Ine tsiku silidutsa."

Abwana anathokoza mwaulemu. Titakhota pakona anayamba kuseka. Kuseka mpaka kutsamira mpanda wa eni ake, misozi ili mbwembwembwe. Ine ndinasekanso, koma ndikuwayang'ana. Kuseka kumeneko ndimakudziwa. Anaseka choncho tsiku lomwe achimwene awo anawauza kuti mkazi sangayendetse bekale. Mwezi wotsatira anagula uvuni.

Lachiwiri, 4 Juni

Monga ndinaopera. Akuti chala chibwerera, khomo la kutsogolo litsegulidwa.

Ndinayala zoona zake zonse patebulo. Golosale ndiyo ikutidyetsa, ndipo itisiya. Anthu akadziwa kuti akhala akudya buledi wathu, sachita manyazi, akwiya. Munthu sakhululukira amene wamuonetsa kupusa kwake. Ndiponso ngati akuganiza kuti apereka umboni, umboniwo ndi wofooka: khate lenileni limatenga zaka kuti lionekere, ndiye wina adzangoti dikirani muone.

Anandimvetsera mpaka kumapeto, osandidula. "Mwamaliza? Zonse n'zoona. Koma ine sindikufuna kupambana mlandu, Aphunzitsi. Za matenda dokotala anamaliza. Ine ndatopa kuphika ngati wakuba m'bekale yanga yomwe."

Ndinafunsa kuti zikavuta tidya chiyani.

"Buledi," anatero.

Chimene ndalemekeza: Abwana sanafune kuwatchera msampha mayi a golosale. Anapita okha masana, kudzera kutsogolo, kukawauza kuti kuyambira mawa buledi ndi wa chala, akafuna atenge, akapanda kufuna asiye. Mayiwo ayankha kuti asiya. Akuti anatsala pang'ono kulira: "Achemwali, ndimakuthandizanitu." Abwana anati, "Ndikudziwa, ndipo zikomo. Thandizolo landikwana."

Madzulo tanyamula tebulo lokandira, kuchoka kuchipinda chamkati kufika pawindo la kumsewu. Lolemera ngati ng'ombe. Msana wanga ukudziwa. Tikupumira, ndinawagwira dzanja, lodindira lija. Miyezi yonseyi ndakhala ndikuliyang'ana ngati phunziro, kuona pomwe mawanga afika. Ndi lofunda, lolimba, lomwe lija.

Mantha ndili nawo. Koma ndikanakhala ndi mwana wasukulu wolimba mtima chonchi, ndikanamutchula pa asembule.

Lachinayi, 6 Juni

Khomo lotsegula. Abwana pawindo, manja m'ufa mpaka m'zigongono, msewu wonse ukuona. Chodabwitsa: ufa ukawakuta, mawanga saoneka n'komwe. Wophika buledi aliyense manja ake ndi oyera. Koma akamaliza akusamba pomwepo, n'kumadinda ndi chala chosamba, pang'onopang'ono, chitini ndi chitini.

Timatumba tomwe tija topanda chilembo, poti tinatsala tambiri.

Kugolosale shelefu ili pululu. Mayi aja akuuza anthu kuti galimoto ya kufakitale yafera panjira. Dzulo anthu anakhulupirira. Lero wina anakadandaula kwa a Ometa, iwo lumo lili m'manja n'kuti, "Galimoto imeneyo ndimaidziwa. Ya matayala awiri, ya mapedulo, dalaivala wake ndi mphunzitsi wa sayansi wopuma." Sindinawatume. Sindinawaletsenso.

Pofika masana a Wailesi ali pakhomo pathu, manja m'chiuno. "Mwatidyetsa! Masabata onsewa mwatidyetsa, anthu oipa mtima inu!" Anthu anaunjikana. Ine ndinayamba kutuluka ndi madigiri anga. Abwana anandiletsa ndi diso. Kukanda sanasiye. Anati, "Mayi, munati ndi wokoma kuposa wanga. Ine ndinavomera." Wina kumbuyo anaphulika kuseka. A Wailesi anachoka akulumbira kuti buledi wa m'nyumba muno sadzalowanso m'kamwa mwawo mpaka imfa.

Tagulitsa wochepa kwambiri. Wotsala ndakasiya kuchipatala chaching'ono cha kumtunda, anamwino analandira osafunsa. Sindinayambe ndanyadirapo tsiku la malonda oipa ngati lero.

Lolemba, 10 Juni

Zavuta ndithu. Ufa watsala thumba limodzi. Mwana waimbanso, sindinamuuze zonse.

Ndinalondola kuti akwiya. Ena moni sakuyankha. Amene ndinamuphunzitsa uja akuti tinawanamiza, ndipo pamenepo ndilibe yankho lokwanira. Bodza la galimoto silinali lathu, koma wopalasa ndinali ine.

Koma pali china. Kwa a Ometa kwachuluka anthu modabwitsa. Amuna a dazi akubwera kudzametedwa kawirikawiri, n'kumatuluka jekete itatupa m'khwapa. A Ometa akhala akutenga buledi kwa ife ngati wa banja lawo, n'kumagulitsa mobisa pansi pa galasi. Anaulula okha, akuseka.

Ndiye zomwe ndaona ndi izi. Anthuwa sakuopa matenda; woopa matenda sabisa buledi m'khwapa kupita naye kwa ana ake. Akuopa kuonedwa. Aliyense akudikira mnzake kuti ayambe kulowa. Tsankho lambiri mwina ndi lotere: okhulupiriradi ndi owerengeka, ena onse akungoyang'anana.

Ndinasangalala, ndinati nayi njira, tipulumuka. Abwana ayi. Anawaitana a Ometa: "Achimwene, zikomo, koma kuyambira lero mmodzi yekha, wanu. Ndinatseka khomo la kuseri limodzi, sindikutsegula lina. Wofuna buledi adzere apa, andipatse ndalama m'manja."

Ndinatsutsa. Ndinati kunyada sikufufumitsa ufa. Anati, "Kubisala kunafufumitsa, ndipo munaona mmene ndinalili."

Ndinaona.

Lachinayi, 13 Juni

Woyamba kulowa pakhomo: dalaivala wa basi uja, amene pano nkhani waimva ndipo akuti alibe nthawi yake. Wachiwiri: namwino wa kuchipatala chija, yunifolomu ili m'thupi, dzuwa lili pamutu. Anawagwira Abwana chanza pakhomo, n'kucheza nthawi yaitali osasiya dzanja. Ndikuganiza kuti anachita dala. Wachitatu, wadazi mmodzi, anazungulira kaye ngati wataya china asanalowe. Ndalama anaika pa kauntala. Abwana anatambasula dzanja n'kudikira. Anaitola, n'kuwaikira m'manja, thukuta lili kamukamu. Sanafe.

Ochepabe. Lendi sangakwanitse. Koma dzulo anali ochepa kuposa lero.

Kugolosale ayesa buledi wa kufakitale weniweni. Akuti akuumira pa shelefu.

Kale ndinkaganiza kuti moyo wa munthu umayezedwa ndi zomwe wadziwa, ndi zomwe wathandiza ena kudziwa. Sindinasinthe kwenikweni. Timaselo ndi timaselo, madigiri ndi madigiri. Koma ndikuwaona mayi awa pawindo, ndipo zomwe ine ndinanena pabenchi ndi mawu, iwo akuzinena ndi manja tsiku ndi tsiku, kwa anthu omwe sanapemphe phunziro. Choona chimafuna munthu woti aime nacho poyera, apo ayi chimangogona m'buku. Pabanja pano ntchito tinagawana bwino: ine kuwerenga, iwo kuima.

Loweruka, 15 Juni

Ndikulemba nditakhala pa thumba lomaliza la ufa, latsala theka.

M'mbandakucha, kugogoda kukhomo la kuseri. Mayi a golosale. Ndinatsegula ine. Akunong'ona: makasitomala awavutitsa, wa kufakitale akubwezedwa, a Wailesi akubwera tsiku ndi tsiku kudzafinya buledi pa shelefu n'kumusiya akung'ung'udza. Akuti atenga ngakhale wa chala, bola ndizikasiya kuseri monga kale.

Abwana anayankha ali mkati, osatembenuka: "Auzeni kuti khomo ilo ndi la ufa ndi zinyalala. Makasitomala amadzera kutsogolo."

Ndinanena monga ndatumidwa. Anaima pang'ono. Anachoka. Ndinamva mapazi akuthera m'kanjira, mtima wanga n'kupita nawo: lendi, ufa, zonse. Ndinatseka. Abwana akupitiriza kudzoza zitini mafuta ngati palibe chachitika.

Kenako kugogoda kutsogolo.

Buledi anali asanalowe mu uvuni, ndiye anayenera kudikira. Abwana anawaikira mpando pakhonde, poyera, n'kuwapatsa tiyi. Kapu anailandira kuchokera m'manja. Zitini zinabwera pawindo, chala n'kutsika pa chilichonse, mayi aja akuona. Dzuwa likutuluka, msewu ukudzuka: opita kumsika, opita kuntchito, a Ometa akutsegula kwawo n'kukuwa, "Mwadzuka bwanji a fakitale!" Kutsidya a Wailesi akupachika zovala, khosi litapindikira kuno. Sanabwere. Mwina sadzabwera, ndi ufulu wawo. Mayi a golosale anakhalabe pomwepo. Tiyi anamaliza, anapemphanso wina.

Sindikudziwa ngati tapulumuka. Oda ndi yaing'ono kuposa kale. Manambala ndiwaona madzulo.

Koma wotchi yapakhoma sindikuimva. Akuimba. Mopotoka, vesi lachiwiri asanamalize loyamba, ndipo fungo la buledi lafika mpaka kuno. Mkazi wanga ameneyo. Pa anthu onse a mumsewu uno, wonyamula buledi wawo ndine, ndipo lero ndidutsa pakati pa msewu penipeni, dzuwa likuwala, belu ndikuliza, bokosi losavundikira kuti aliyense aone kadzenje ka—

Akuitana. "Aphunzitsi! Galimoto ya kufakitale ija idzuke, buledi akuzizira!"

Tayala lakumbuyo laphwa. Pampu ndinaiika kuti